Mzere Umodzi wa Pamwamba

Anakumana kuntchito, kosindikiza mabuku, tsiku limene mtsikana wina, mwana wa telala, anayamba kuphunzira kutayipa. Womuphunzitsa anali Wamagalasi, mnyamata wa pakamwa pa uchi.

"Achemwali, musamadzivute," anatero akukokera mpando pafupi. "Mawu obwerezabwereza timawalemba kamodzi pamwamba pa fayilo, n'kuwapangira lamulo lawo. Onani, ndanena kuti \wanga ndi Kanjiwa. Paliponse ndingalembe \wanga, papepala patuluka Kanjiwa."

"Kanjiwayo ndani?"

"Kafunseni galasi."

Mtsikana anazolika. "Nanga kachizindikiro aka, ka %?"

"Mzere umene wayamba ndi kameneko makina sauwerenga. Ulipo, koma uli ngati wakufa."

Basi, anagwa nazo. Makalata anayamba kubwera, osindikizidwa mokongola. "Kanjiwa, usanabwere mtima wanga unali nyumba yopanda nyale. Kanjiwa, sindidzakusiya." Ankawasunga pansi pa pilo. Mayi ake ankati, "Mwanawe, pepala silikwatira munthu." Kodi anamva?

Patatha miyezi isanu Wamagalasi anadwala chimfine, n'kutumiza meseji: "Kanjiwa wanga, tsegula kompyuta yanga usindikize buku la kasitomala. Ndakusowa!"

Pambali pa bukulo panali fayilo yotchedwa kalata. Ndani akanaisiya? Mawu onse ankawadziwa pamtima, nyumba yopanda nyale ija, lonjezo lija. Koma dzina lake munalibe. Ponseponse \wanga, \wanga.

Anakwera pamwamba pa fayilo. Lamulo lija linalembedwa kanayi, mizere yondondozana ngati mitumbira. Kadzuwa, patsogolo pake %. Kauchi, %. Kanjiwa, %.

Wamoyo unali mzere wachinayi wokha: Kanyenyezi.

Anadzutsa mutu. Pakauntala, mtsikana amene anayamba ntchito sabata yatha ankamwetulira yekha, akupinda kapepala.

Kanjiwa anabweza maso pa dzina lake lija la %. Ndiye Wamagalasi anamuika liti m'manda, iye akuyendabe, akusekabe naye pankhomaliro?

Sanalire. Anakonza lamulolo kuti lizitulutsa maina onse anayi pamodzi, n'kutseka fayilo. Ankadziwa kuti mwini wake anasiya kale kuwerenga makalata ake.

Lachisanu, wa pakauntala anabwera ndi kalata ya maina anayi m'manja.

"Achemwali, Kanjiwa ndani?"

"Malemu. Khala pansi ndikuphunzitse ntchito."

Makalata aja akadali pansi pa pilo. Akawatsegula saonanso dzina lake, amangoona \wanga.