Kampope Kataleka Kudontha

Chodabwitsa choyamba chinali chakuti nyumba inangoti zii. Chilowereni m'nyumba ya pachitunda ija ku Mbamba Bay, kutsidya kwa nyanja, Edina anazolowera kugona akumva tho, tho, tho kuseri kwa khitchini, kumene kampope kena kankadontha madzi otentha. Usiku wina wa mu Juni, kudonthako kunaleka.

Nyumbayo inali ya mzungu wina amene ananyamuka ufulu utabwera. Akomiti ya ujamaa, yoyendetsa za m'mudzimo, anaipereka kwa Edina, mzamba wochokera ku Nkhata Bay, ndi mwamuna wake Wyson, mmisiri wa mabwato. Mzunguyo anasiya chithanki chachitsulo kuseri kwa chitofu cha nkhuni, choti ukasonkha moto madzi ake ankatentha. Khoma la pamenepo linkafunda bwino, ndiye pozizira paja Edina ankagoneka khanda lake, Imelda, m'tsinde mwa khomalo.

Usiku wachiwiri kunamveka kugogoda. Osati pachitseko ayi, m'khoma mwenimwenimo. Go. Go. Go. Kenako kubuula kwapansipansi, kwautali, ngati ng'ombe yodwala.

"Bambo a Imelda," Edina ananong'ona, "mukumva?"

"Ndi makoswe. Gonani."

"Makoswe amabuula?"

Edina anamva kuti bamboyo waleka kupuma bwinobwino.

Pomafika masana nkhani inali itafika kale kudoko. Ena ankati mzungu uja anafera m'sitima ndipo wabwerera kudzalanda nyumba yake. Ena ankati anakwirira munthu pansi pa khitchini. Mayi Leokadia, oyandikana nawo, anabwera ndi mtolo wa nkhuni pamutu.

"Mwana wanga, usiku musamazimitse moto. Zoterezi zimadana ndi moto."

Ha, malangizo enatu abale! Koma munthu wamantha amamvera chilichonse. Edina anasonkha chitofu mpaka chitsulo chinachita psuu.

Usiku umenewo zinanyanya. Kugogoda kuja kunasanduka kugunda, makapu ananjenjemera pa alumali, ndipo pakati pa phokosolo pankamveka kakhweru koonda, kobaya m'mano. A Severin, mphunzitsi wa kutchalitchi, anaitanidwa ndi madzi odalitsa. Atawaza khoma lija, madontho anauma iwo akuona. Pemphero analimaliza ali pakhonde, chipewa chili kale kumutu.

Edina anachita mantha, mantha enieni. Kuthawa ankafuna, koma alendo akanapita kuti? Anthu akanati Amalawi aja abwera ndi zinthu zawo. Ndiye anatumiza mawu ku Lituhi kwa a Kasian, mkulu amene ankaphikira mzungu uja zaka khumi, kuti mwina akudziwa chimene chinakwiriridwa m'nyumbamo.

A Kasian anafika tsiku lachinayi kutada kale, chifukwa mwera unawachedwetsa panyanja. Moto unali ukulilima m'chitofu. Mkuluyo anaima pakhomo, napendeketsa mutu, namvetsera. Analanda nyali m'manja mwa Wyson n'kuzungulira kuseri, awiriwo akutsatira.

Kuwala kutagwa pa kampope kaja, Edina anaona kuti kukamwa kwake kwakhomedwa chikhomo cha mtengo, chokulungidwa nsanza, chomatidwa phula mwaluso.

"Anatseka apa ndani?" a Kasian anafunsa, mawu ali pansi.

"Ndine," anatero Wyson. "Pankadontha, pakhoma pakumera ndere. Ine chodontha sindichisiya, ndiyo ntchito yanga."

"Bwanawe, ili si bwato! Thanki limapumira pomwepa. Mwalitseka mphuno, n'kulisonkhera moto masiku anayi!"

Wyson anatambasula dzanja kuti azule chikhomocho, koma mkuluyo anam'menya pamkono.

"Nthunzi ikusendani nkhope. Tachedwa kale. M'nyumbamo mwatsala munthu?"

Edina anathamangira m'nyumba. Miyendo inali itanyamuka yokha.

M'katimo munali mdima, mpweya wolemera ngati wa m'bafa. Khoma linkanjenjemera, dothi likuyoyoka kudenga. Ndipo mwadzidzidzi kugunda konse kunasiya, kakhweru kaja nako kanadukiza. Chete ameneyo anamuopsa kuposa phokoso lonse lija. Anakwawa ndi mawondo, akupapasa mphasa, mpaka anakhudza kamwendo kofunda. Anafungatira mwanayo n'kuthamanga.

Anali atangoponda pakhomo pamene kumbuyo kunati phuu! Mphepo yotentha inamukankhira pabwalo, nagwa chammbali, mwana ali pachifuwa. Malata anauluka. Thanki lija anakalitola m'mawa m'munda wa chinangwa, litang'ambika ngati chitini. Pamene pankagona Imelda panali mulu wa njerwa zotuluka nthunzi.

Anthu anathokoza Mulungu, ndipo n'zoona, mwana analibe bala ngakhale limodzi. Anayamwa, nagona kwa mayi Leokadia ngati palibe chachitika.

Patatha masiku awiri, Wyson akutola ziwiya zotsala, beseni lachitsulo linam'pulumuka n'kugwa pa simenti, pafupi ndi mutu wa mwanayo. Nkhuku zinabalalika, galu anathawa. Imelda anangopitiriza kuyang'ana zala zake.

Edina anagwada, naomba m'manja kukhutu lamanja, kenako lamanzere.

"Imelda," anaitana. "Imelda, mama."

Mwanayo sanatembenuke.