Stella Akana Mabolasha Ophwanyika

Stella amakhala ku Tsangano. Amadziwa kuphika mabolasha, mabisiketi a mandimu. Koma sanadyepo bolasha yathunthu.

Kwawo lamulo ndi limodzi. Athunthu ndi a alendo. Ophwanyika ndi a ana.

Tsiku lina kunamveka kuti kukubwera amalume a José, alongo awo a amayi. Ankabwera pa chapa, minibasi yonyamula anthu, kuchokera ku Furancungo.

Stella anathyola mandimu. Anapala makungu ake pa chitini chobooledwa ndi msomali. Chitinicho chinamucheka chala. Madzi a ndimu analowa pabala. Zinawawa, koma sanalire.

Anasakaniza ufa wa tirigu, shuga ndi mantega, ndiye kuti batala. Anakanda. Anakandanso. Kenako anadula tozungulira ndi kukamwa kwa kapu.

Kwawo kulibe fornu, uvuni wophikira. Amayi anathira mchenga mumphika waukulu. Stella anaika mbale ya mabolasha pamchengapo. Makala pansi. Makala pachivundikiro. Utsi unamulowa m'maso, koma sanachoke.

Mabolasha anapsa. Nyumba yonse inanunkhira mandimu.

Amayi anasankha. Athunthu anapita m'mbale yamaluwa. Ophwanyika anapita m'kambale ka ana.

Stella anakankhira kambaleko kutali.

Mavuto, mlongo wake wamng'ono, anamunong'oneza nzeru. Anati awaphwanye onse, kuti onse akhale a ana.

"Iwe, ayi," anatero Stella. "Sindikufuna ambiri. Ndikufuna yathunthu."

Amalume anafika ali fumbi lokhalokha. Anakhala pampando pakhonde. Amayi anatuma Stella kukapereka mbale yamaluwa.

Stella anagwada. Anapereka ndi manja awiri. Mwana akapereka, amachoka. Stella sanachoke.

Amayi anatsokomola. Stella sanachoke.

Amayi anamuyang'ana ndi diso lija. Stella sanachoke.

Amalume anaseka. Anafunsa ngati mawondo ake amera mizu.

"Amalume, mabolashawa ndaphika ndine," anatero Stella. "Chala ichi ndachekedwa ndine. Utsi walowa m'maso anga. Koma yathunthu sindinailawepo. Kodi zili bwino zimenezo?"

Mavuto anabisala kuseri kwa chitseko. Amayi anati mwanayu alibe ulemu. Anati anena naye bwino alendo akapita.

Komabe Stella sanachoke.

Amalume sanasekenso. Anayang'ana chala cha Stella. Anayang'ana mbale. Kenako anatembenukira kwa amayi.

"Nanga inu, alongo? Yathunthu munaidyapo liti?"

Amayi anakonza chitenje chawo. Kenako anavomera chapansipansi kuti sakukumbuka. Nthawi zonse iwo amanyambita zotsala m'mbale.

Stella anadabwa. Zimenezo sankazidziwa.

Amalume anati mlendo sangadye yekha eni nyumba akumeza malovu. Anatsitsa mbale ija pamphasa. Iwonso anatsika pampando.

Stella anasankha bolasha yaikulu kuposa onse. Inali yozungulira bwino. Inali yofiirira m'mbali. Anaigwira mosamala. Anayenda ndi mawondo mpaka pamene panali amayi.

"Yambani ndi inu, amayi."

Amayi anati mwana uyu ndi wamakani ngati mbuzi. Koma analandira.

Stella anatenga yake. Mavuto anatuluka kuseri kwa chitseko n'kutenga awiri.

Amayi analuma. Anatafuna pang'onopang'ono. Anatsinzina.

"Stella," anatero, "ulendo wina uwonjezere ndimu."