Chithunzi Chimene Chinapita ku Nkhondo

Priska ananyamuka kwa azakhali ake ku Tengani dzuwa litafiira kale. Anamuletsa, koma makani ake mayi ameneyu, sanamve. Anapitako kukafunsa za maloto, ndipo yankho lake silinamukomere.

Masiku atatu otsatizana ankalota zomwezomwezo: chithunzi chake chagwera m'dzenje, anthu akuchikwirira, iye akufukula ndi manja koma osachipeza. Chithunzicho chinalipodi. Anamujambula mzungu wina wa sitima ya pamadzi ku Chiromo, ndipo Priska anachipereka kwa mwamuna wake Kalisto tsiku limene anamutenga kukasenza katundu ku nkhondo ya Ajeremani. Zaka zisanu ndi ziwiri zinadutsa. Anzake ena anabwerako, ena maliro awo anamveka. Koma za Kalisto, zii! Maliro sakanalira, kukwatiwanso sakanakwatiwa. Ankangodikira, ndipo mtima unkamupweteka.

"Kulota nkhope yako ikukwiriridwa ndi imfa, mwanawe," anatero azakhaliwo. "Imfa yako yomwe."

Mawu amenewa ndiwo anayenda nawo m'njira. Mwezi unatuluka. Nthaka inali ikadali yofunda kumapazi, mvuu zikulira chakumunsi ku Shire, udzudzu uli m'makutu. Anadutsa migwalangwa, n'kufika pa mlambe umene uli m'mbali mwa manda. Apo anthu amadutsa osayang'ana cham'mbali.

Achule anasiya kulira. Mphepo inaima.

"Zikomo, mayi."

Priska anatembenuka... Munthu! Mwamuna wowonda, malaya a chiguduli, nkhata ili pamutu koma katundu palibe. Mapazi ake sanawamve n'komwe.

"Ndinu akazi a Kalisto?"

"Ndine," anayankha.

"Ine ndine Lorenso, mwana wa mayi Helena, kutsidya kwa damboli. Ndachedwa nawo uthenga wanu. Mundikhululukire."

Ankalankhula mofatsa, mwaulemu, moti mantha a Priska anayamba kuchepa.

"Amuna anu anatsala ku nkhondo komweko. Kamwazi anawagwira m'njira. Ndinawaika ndekha pansi pa mtengo. Anati, ukamubwezere nkhope yake, asandidikire."

Anatambasula dzanja. Kanthu kokulunga m'kansanza. Zala zake zitakhudza za Priska, kuzizira kwake!

"Nanga inu munali kuti zaka zonsezi?"

"Pomwe pano. Ndimakuonani mukamadutsa masana."

Priska anawerama kuti amasule kansanzako. Nkhope yake yomwe, ali mtsikana, mikanda ili m'khosi. Podzutsa mutu... njira yokhayokha. Achule anayambiranso kulira.

Sanagone. M'mawa anawoloka dambo kuti akathokoze bwinobwino, komanso akamve mmene mwamuna wake anafera. Anapeza mayi Helena akusenda nyemba pakhonde.

"Ndabwera kwa a Lorenso."

Mayiwo anaika lichero pansi.

"Lorenso uti, mwanangu? Wanga anabweradi ku nkhondo, koma anabwera ndi chimfine chachikulu chija chinatha anthu. Anafika Lachiwiri, Lachinayi tinaika, pafupi ndi mlambe paja. Zaka zisanu tsopano."

Priska anatulutsa chithunzi chija, chili m'kansanza kake. Mayi Helena anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Kansanza aka kanali m'kathumba ka m'khosi mwake. Ankangoti, mukapereke, mukapereke, koma dzina silinkamveka. Ife ndi mantha a matendawo sitinakamasule. Tinamuika nako."

Priska anapukuta chithunzicho ndi nsonga ya nsalu. M'makona mwake munali dothi lofiira, lonyowa. Zoona nkhope yake inakwiriridwa, koma imfayo sinali yake.

Anatsanzika mwaulemu, n'kubwerera. Atafika pa mlambe anagwada, nawomba m'manja katatu.

"Wafika uthengawo, bambo. Pumulani."

Kumudzi anapita molunjika kwa alamu ake.

"Itanani abale, mubwere ndi lumo mundimete. Maliro a Kalisto ayamba lero."

Atatero anakhala pansi pabwalo pomwepo, n'kuyamba kulira.