Bwato la Latif Linagogodedwa Masana

Zimene ndikulembazi zinachitika masana, dzuwa lili paliwombo, ndipo mboni zilipo ziwiri zamoyo: mlamu wanga Naima ndi Mateyu woumitsa usipa. Mukafike kugombe kwathu kufupi ndi Chipoka mukawafunse. Ine si munthu womeza nkhani zilizonse. Ndakhala zaka makumi awiri ndi zitatu ku Durban ndikukankha odwala pamachira m'chipatala, ndipo mabuku amene ophunzira udokotala ankataya ndinkatola n'kuwerenga mpaka chikuto.

Nditabwerera ndinapeza mchenga umene tinkasewerapo autchinga ndi mpanda wa njerwa, chambo chasanduka nkhani ya madala, ana akundilonjera ngati mlendo wodzagula malo. Ndinapezanso mng'ono wanga Ayub atasiya nyanja.

Chinachitika n'ichi. Latif, mchimwene wake wa Naima mkazi wa Ayub, anali siginala, uja amakhala yekha m'bwato ndi nyali kuitana usipa, ukasonkhana n'kugogoda bwato ndi nkhafi kuti anzake aponye khoka la chilimira. Anzake onse anasamukira ku mababu a batire, koma iye anakakamira nyali ya parafini ya bambo ake. Tsiku lina mwera unabwera mwadzidzidzi, bwato n'kugubuduzika. Ayub anali m'boti lalikulu. Anamumva mlamu wake akugogoda mumdima, koma mafunde sanalole. Mtembo unapezeka tsiku lachitatu. Bwatolo analikokera kumtunda n'kulivundikira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya Ayub.

Kuyambira pamenepo, musi ukagunda mumtondo kapena wina akagogoda chitseko, Ayub ankanyowa thukuta, milomo gwaa, mtima ukudumpha mpaka malaya kugwedezeka. Shehe anawerenga duwa, madzi opemphereredwa Ayub anamwa, koma sizinasinthe. Mwini chilimira anapirira milungu inayi, kenaka anatumiza mawu: Ayub akapanda kukwera boti Lolemba, malo ake apatsa wina. Pakhomo panali ana anayi.

"Akuti Latif akundiitana, achimwene," anatero Ayub.

"Akukuitana ndi impso zako," ndinayankha.

Naima anaseka koyamba chichitikire maliro. "Alamu, ku Joni munakaphunzira chipongwe?"

Ndinawafotokozera. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono ngati njere ya mtedza, kamlonda. Kakamva choopsa kamaliza belu, ndipo timatumba tokhala pamwamba pa impso timathira mahomoni m'magazi. Adirenalini amathamangitsa mtima. Kotisolo amachedwa kuchoka, ndipo akamathiridwa tsiku ndi tsiku mlonda uja amapenga, n'kumaliza belu ngakhale kwa mbuzi yodutsa, pamene mbali ya ubongo yonena kuti "basi, palibe kanthu" imafooka. Mankhwala ake n'kumuphunzitsanso mlondayo: amve phokoso lomwelo pamalo abata, kukuwala, aone kuti palibe wafa.

Ndinapita kwa Mateyu ndili ndi chidaliro chonse. Ndinamuuza kuti Loweruka, tikangochoka kumzikiti ku swala ya masana, azembere kuseri agogode bwato lija katatu. Anandiyang'ana, anayang'ana pansi, anati, "Chabwino, akulu." Ine ndinaiwala mmene anthu akwathu amavomerera munthu wamkulu akawapempha chinthu chovuta.

Loweruka tinakhala pakhonde atatu. Ayub ndinamuchenjezeratu kuti kumveka kugogoda, ndipo wogogodayo ndi Mateyu. Kunali kutentha kwa Okutobala. Nyenje zinkalira mumtengo. Nkhuku zinali yasa pansi pa thandala.

Nyenje zinasiya.

Kenaka fungo. Parafini. Osati wa m'botolo, koma wopsa, wa nyali imene yangozimitsidwa. Ndinati mumtima mwanga, Mateyu uyu wawonjeza zake.

Go-go. Chete. Go.

Ayub anauma. Thukuta linatsika m'khosi.

"Puma," ndinanong'ona. "Tulutsa mpweya pang'onopang'ono. Ndi magazi chabe. Apita."

Go-go. Chete. Go.

Naima anandigwira mkono. Zala zake zinali zozizira.

"Alamu, Mateyu mwamuphunzitsa ndinu kagogodedweka?"

"Ndangomuuza katatu."

Anatembenukira kuseri kwa nyumba.

Kunagogodedwa kasanu. Ndinkawerenga kugunda kwa mtima wa Ayub padzanja pake. Kachitatu unali ngati ng'oma. Kachinayi unayamba kutsika. Kachisanu mapewa ake anagwa, n'kulira ngati mwana, kulira kumene sanalire kumanda. Atatha anapukuta nkhope ndi kofiya.

"Ndi mtengo chabe," anatero. "Mateyu wachita bwino, mpaka kutsanzira kagogodedwe ka alamu."

Anapempha chakudya. Anadya, anagona, mkonono kumveka mpaka panjira. Nyenje zinayambanso.

Ndinazungulira kuseri kukathokoza Mateyu. Panalibe munthu. Mchenga wozungulira bwato Naima anausesa m'mawa, ndipo mizere ya tsache inali bwinobwino. Mapazi a nkhuku okha. Nkhafi ya Latif inali pamwamba pa bwato. M'mawa inali kutsindwi, m'nyumba.

Mateyu anatulukira dzuwa litapendeka, thumba la mchere pamutu, maso pansi.

"Mundikhululukire, akulu. Ndinali ku Chipoka chichokere m'mawa."

"Usandinamize."

"Kafunseni amene ndakwera nawo minibasi. Ine ndi Mkhristu, koma pagombe pano bwato la womira sitiligogoda sadaka ya arobaini isanachitike. Kukukanirani pamaso ndinachita manyazi."

Masiku makumi anayi anali asanakwane. Anatsala asanu. Mwambowo ndinkaudziwa ndili mwana, koma ndinausiya kwinakwake pakati pa mabuku aja.

Naima anali ataima pakhomo la khitchini.

"Kawiri, n'kudikira, n'kamodzi," anatero motsitsa. "Achimwene okha ndiwo ankagogoda choncho. Ankatanthauza kuti, ponyani, nsomba zakwana."

Anayang'ana chitseko cha chipinda chimene mwamuna wake ankagona.

"Musamuuze. Nonse awiri."

Sitinamuuze. Lolemba Ayub anakwera boti, ndipo mpaka lero akukoka chilimira. Amauza aliyense kuti achimwene ake a ku Joni anamuchiza ndi sayansi. Sindimutsutsa, chifukwa zimene ndinamuphunzitsa n'zoona ndipo ndingazibwereze pamaso pa dokotala aliyense. Mlonda wa mu ubongo wake anaphunziradi.

Mantha aja anangosamukira kwa ine. Dzuwa likafika paliwombo, nyenje zikangoti zii, m'manja mwanga mumatuluka thukuta. Ndimadziwa dzina la chimene chikuyenda m'magazi mwanga, kumene chachokera, ndi nthawi imene chitenge kuti chithe. Ndimapuma pang'onopang'ono monga ndinamuuzira Ayub, ndipo chimapitadi.

Amene anatsitsa nkhafi kutsindwi ndiye sindinamupeze m'buku lililonse.