Lalanje la Malemu Kamba

Izi sindinachite kumva kwa munthu. Ndinalipo ine mwini, ndipo adalaivala athu, bambo osakhulupirira ngakhale maloto awo omwe, analiponso. Mukakumana nawo afunseni.

Gulu lathu la nyimbo za roko linali laling'ono, lopanda kampani yolijambulitsa kapena bwana woliyang'anira. Tinkayenda tauni ndi tauni pa minibasi yakale, zida pansi, ife pamwamba pa zida. Aliyense anabwera ndi kwawo m'manja. Wang'oma anakulira m'bandi ya malipenga ya kusukulu, choncho ankamenya ngati akuguba. Wagitala, yemwe tinkamutcha Aphunzitsi chifukwa anathawa choko, ankakonda mawu okanda ngati a wailesi yosagwira bwino. Woimba wathu anachokera kukwaya, ndipo ngakhale akalipe bwanji, mawu ake ankathera ngati pemphero. Tonse tinkamutcha Mlamu, pakuti anali mkazi wa malemu Kamba, woimba gitala ya besi amene ine ndinalowa m'malo mwake.

Kamba ankachedwa pa chilichonse, ngakhale pa ukwati wake. Poimbanso ankachedwa. Besi yake inkagwa pambuyo pang'ono pa ng'oma, ngati munthu woperekeza wokondedwa amene sakufuna kuti afike msanga. Ndicho chinkapatsa nyimbo zawo chisoni chokoma chija. Ine ndinaphunzira kusukulu ya nyimbo. Sindinkachedwa.

"Mtsikana iwe ukuimba ngati wotchi," ankatero Wang'oma. "Uzipumako."

Ndikachedwa dala, zinkamveka ngati ndapunthwa. Tsiku lina tikumwetsa mafuta, ndinamva Aphunzitsi akunong'oneza Mlamu kuti ulendo ukatha afunefune wina. Panatsala tauni imodzi. Ndinalira chamumtima, pakuti sindinkafuna kusiyana ndi gululo, makamaka Aphunzitsi omwewo ndi zala zawo zazitalizo. Zimenezo palibe ankazidziwa.

Gululo linali ndi mwambo wake. Sipika yakale ya Kamba, yopsa m'kati, yopanda ngakhale chingwe, inkayenda nafe. Paliponse Mlamu ankaiika kumanzere kwa nsanja n'kuikapo lalanje, chifukwa mwamuna wake sankagwira besi asanadye lalanje. Tikamaliza kuimba, adalaivala ankalidya. Ine ndinkaima kumanja nthawi zonse.

Holo yomalizayo kale inali yoonetseramo kanema, ndipo nsanja yake inali yopapatiza. Kumanja kunadzaza ng'oma. Ndinaima kumanzere, msana utayandikira sipika ya malemu.

Anali masana, mvula ikugwa. Anzanga anapita kukadya. Adalaivala anagona pa mipando yakutsogolo m'holomo, chipewa kumaso. Ndinayamba kuyeserera nyimbo yathu ina yodekha, phazi likugunda pansi m'malo mwa ng'oma.

Mvula inaleka pa malata mwadzidzidzi.

Ndinamva fungo. Lalanje losendedwa kumene, lija lolasa m'maso.

Kenako china chake chinanjenjemera kumbuyo kwa maondo anga. Ndikakhudza nsambo, mawu ena ankabwera pambuyo pa anga. Okhuthala. Ofunda. Ndinati ndi holo ikubweza mawu. Ndinachotsa manja.

Mawuwo anapitiriza. Anafika pothera mzere, n'kudikira.

Adalaivala anachotsa chipewa kumaso.

"Mwanawe, manja ako ali kuti?"

"Ali apa, bambo."

"Nanga akuimbayo ndani?"

Ndinayang'ana kukhomo. Pakhomo panaima Mlamu, ambulera ikudontha. Sanathawe. Anatsamira chitseko ngati munthu amene wamva kugogoda kozolowereka.

"Usatembenuke," ananong'ona. "Ngwamanyazi. Ingomutsata."

Ndinabwezera zala pa nsambo. Ndinagunda phazi. Ndinadikira. Iye anabwera, ine n'kugwera pamodzi naye. Tinabwerezanso. Apo m'pamene ndinazindikira kuti Kamba sankachedwa ayi. Ankamvetsera kaye mnzake amalize kulankhula.

Mlamu anayamba kuimba chapansipansi ali pakhomo pomwepo. Besi ija inkayenda pambuyo pa mawu ake, osamupitirira, osamusiya. Nyimbo itatha, mvula inayambiranso.

"Mwachedwatu, bambo," anatero Mlamu, akupukuta m'maso. Sankauza adalaivala.

Madzulo ake holo inadzaza. Pa nyimbo yodekha ija Wang'oma anasiya kuguba. Aphunzitsi anandiyang'ana mpaka anaiwala polowera gitala yawo, chinthu chimene sichinachitikepo. Tikulongedza zida anandilanda chikwama cha besi n'kuchinyamula okha.

"Ulendo wotsatira uli ndi matauni ambiri," anatero, maso ali pa zingwe zimene ankakulunga. "Ukagule nsapato zolimba."

Adalaivala anapita kukatenga lalanje lawo mwa masiku onse. Anapeza khungu lokha, losendedwa mozungulira kuyambira pamwamba mpaka pansi osaduka. Mlamu anati m'moyo wake wonse anaonapo munthu mmodzi yekha wosenda choncho.

Titabwerera kwathu, wokonza mawailesi anatsegula sipikayo. Anapezamo fumbi ndi ukonde wa kangaude. Anati chinthu chimenecho sichingalire ngakhale utachipempherera.

Sichinalirenso. Timayenda nachobe, ndipo masiku ano lalanje ndimaika ndine. Ndimaima kumanzere, koma ndimasiya kampata kumbuyo kwanga, kokwana munthu mmodzi. Adalaivala sadyanso malalanje.