Chimanga cha pa Mgwalangwa

Madzulo ake tinatsikira ku madimba monga mwa masiku onse, ine ndi a Ernest, aliyense chitini chake m'manja, neti ya udzudzu paphewa. Kwathu kwa Mlolo chimanga cha kudimba chikangomasula, mwamuna sagona m'nyumba. Umakagona mumsasa m'mbali mwa Shire, n'kumamenya chitini kuti mvuu zisalowe. Ukamva cha mnzako chikulira, nawe umayankha. Chikakhala chete, mwina wagona, mwina zavuta.

A Ernest ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu, munthu wa mapemphero aatali oti ukatsinzina nawo umatsegula maso khosi likupweteka. Chaka chimenecho dimba lawo linachita kunyanya. Madzi osefukira anali atakwirira mudzi wakale ndi matope, ife n'kusamukira kumtunda, ndipo iwo anatenga malo ozungulira mgwalangwa wina umene unapulumuka. Chimanga chake chobiriwira mpaka kuda, chachitali kuposa munthu. Tikawafunsa chinsinsi ankangoti, "Ndi Mulungu." Koma ankanena maso ali pansi.

Akazi awo, mayi Otilia, mtima unali usanakhale m'malo. Mwana wawo wamkazi, Tithokoze, anamwalira ndi malungo madzi aja asanabwere, ndipo manda onse anakwiririka osasiya chizindikiro. A Ernest anawauza kuti pamene panagona mwanayo ndi pamene pakudutsa mtsinje tsopano. Choncho mayiwo ankakalirira m'mphepete mwa madzi.

Mwezi unalowa msanga usiku umenewo. Ndinamenya chitini changa, a Ernest n'kuyankha. Dzanja lawo ndimalidziwa, ndi lolemera. Kenaka kuchokera kudimba lawo lomwelo ndinamva china. Chopepuka. Chosalongosoka, ngati mwana akusewera ndi supuni.

Ndinakhala tsonga. A Ernest anamenyanso. Chija chinayankha, chili pafupi ndi msasa wawo.

Apo ndinamva mawu awo akung'amba mdima. "Ndikukumanga m'dzina la Yesu! Choka! Yehova, ndimenyereni nkhondo!" Anakuwa mpaka mawu anasasa. Chija osaleka. Chinkadikira kuti apume, n'kugogodanso pang'onopang'ono.

Kenaka zii. Achule okha.

Ndisaname, sindinapiteko. Ndinadzikulunga mu neti n'kumadziuza kuti m'bango muli ng'ona. Kunena zoona si ng'ona zimene ndinkaopa.

Kutayera ndinawapeza atagwada pansi pa mgwalangwa, chikwanje chili pambali. Chimanga chonse chozungulira mtengowo anali atachigwetsa ndi manja awo, chosakhwima, mkaka uli tuu. Chitini chawo chinali kumsasa, chokhachokha. Chachiwiri panalibe.

"Achimwene, mwatani?" ndinafunsa.

Anangoloza pathunthu la mtengo, cha m'mawondo. Panali msomali wadzimbiri.

"Ndinaukhoma ndine, tsiku la maliro," anatero. "Ndinakolekapo nkhata ya maluwa. Unali wofika pamutu panga, matope ndi amene akweza nthaka. Ndinauona tsiku loyamba kulima. Ndinati njala ilibe manyazi, Mulungu amvetsa. Ndinabzala."

Iwo anapukuta kumaso ndi malaya, n'kupitiriza.

"Usiku ndinatuluka kuti ndikathane nacho. Ndimalowa m'chimanga, ndikudzudzula ziwanda, icho chikubwerera m'mbuyo, ine ndikutsata. Nditafika pano chinaleka. Ndiye ndinamva kamawu, pansi pomwepa. Kanati, 'Baba, mwandiponda.'"

Ndinayang'ana pamene ndinaima, n'kusuntha.

"Ndimathamangitsa mdani kunja, chonsecho ali muno," anatero akudzimenya pachifuwa. "Ndinagwada. Ndinalibenso mawu aakulu aja. Ndinangoti, Ambuye, ndine wabodza, mundigwire dzanja. Mantha anachoka pomwepo, achimwene. Chatsala ndi manyazi."

Anandipempha kuti ndiwaperekeze kunyumba, poti okha miyendo ikanawabweza panjira. Tinapeza mayi Otilia akusesa pabwalo. A Ernest anaima patali ngati mlendo.

"Make Tithokoze, mwana sali m'madzi. Ali pa mgwalangwa. Ndinakunamiza."

Mayiwo anagwira tsache osaliyendetsa.

"Pamene pali chimanga paja?"

"Pomwepo."

"Mondokwa munabwera naye dzana uja, ndinaotcha ndine," anatero motsitsa. "Ndinadya."

Sanalire pamaso pathu. Analowa m'nyumba, ndipo kulira kwake ndinakumvera ndili kumsewu. Mpaka lero kumandipweteka.

Lamulungu lotsatira a Ernest anaima kutsogolo kwa mpingo, naulula zonse okha, wina asanawafunse. Abusa ndi amayi a Mvano anatsikira kudimba, anaunjika mthumbira, naimika mtanda. Mayi Otilia anabzalapo maluwa. Chimanga chotsala, chakutali ndi mtengo, a Ernest anati sadzachilonderanso.

"Mvuu zimaliza, a Ernest," ndinawachenjeza. "Ana mudzawadyetsa chiyani?"

"Ndinateteza ndi bodza, ndaona mapeto ake," anandiyankha. "Chotsalachi ndasiyira Mulungu. Akafuna tidya, akafuna ayi. Ine usiku ndizikhala ndi mkazi wanga, tizipemphera."

Chitini chawo anachipachika pakhonde kumtunda. Aliyense wodutsa ankachiona.

Sabata yomweyo mvuu zinatuluka. Zinadya dimba la mnzathu wina, a Paulo, zinapondaponda theka la langa, ine ndili pomwepo ndikumenya chitini mpaka matuza. Kwa a Ernest mapazi a mvuuzo anafika m'malire, n'kukhota kubwerera kumadzi.

Kumjigo amayi amanong'onezana. Ena amati ndi mngelo. Ena amati mvuu zimadana ndi fungo la maluwa aja. A Ernest ukawafunsa amati, "Ndi Mulungu," ndipo masiku ano amanena akukuyang'ana m'maso.

Ine zambiri sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndimagonabe kumsasa, ndipo kudimba kwawo sikugona munthu. Koma mwezi ukalowa, ndikamenya chitini changa, cha ku mgwalangwa kumabwera yankho. Lopepuka, losalongosoka.

Poyamba ndinkasiya kumenya. Masiku ano ndimayankha, poti mwana akamakuthandiza ntchito sumusiya yekha.