Kamphaka Kanasiya Kulira

Telala wina wamkazi anafika ku chipatala cha ziweto manja ali zikandekande, kamphaka kali m'katoni. Anakatcha Ulusi chifukwa kankamuzenga miyendo kulikonse. Akakhala pa makina, kankagona pansalu ya kasitomala. Akalowa kubafa, kankalira pachitseko ngati kakuphedwa.

Anamulandira ndi mnyamata wothandiza adokotala, wa mawu ofewa ngati thonje.

"Achemwali, kakalira musakayang'ane n'komwe," iye anatero. "Kakangokhala chete, kasisiteni. Chakudya ndi masewera zikhale ndi nthawi yake. Kazolowera."

Analemba nambala yake pakhadi la katemera, ati n'cholinga choti azimva za Ulusi. Za Ulusi zinatha sabata yomweyo. Mauthenga anasanduka a "wapamtima wanga," a "sindidzakusiya ngakhale zivute bwanji." Mtsikana anagwa m'chikondi mutu ndi miyendo yomwe, ndipo ndani akanamudzudzula?

Malangizo aja ankapweteka. Ankatseka chitseko, Ulusi n'kumalira kuseri, iye atagwira pakamwa kuti asamuyankhe. Kulirako kunkamutsata mpaka kumsika. Koma patatha mwezi, Ulusi anasiyadi. Ankangokhala pakona n'kumadikira.

Mnyamatayo ankabwera Lachitatu ndi Loweruka masana basi. Telala akatumiza mauthenga ambiri odandaula, foni inkangoti zii. Akapirira masiku awiri osalemba kanthu, uthenga unkalowa: "Duwa langa, ndakusowa kwambiri." Iye ankasangalala mpaka kusokera mkono wa malaya mozondoka.

Tsiku la katemera wachiwiri linagwa Lolemba, ndipo Telala anapita osamuuza mnyamatayo. Pabenchi anakhala pafupi ndi mayi wina woyembekezera, atanyamula kontena ya chakudya. Mayiyo anasuzumira m'katoni n'kuyamikira kufatsa kwa mphakayo. Telala anafotokoza monyadira njira imene anaphunzitsidwa ndi mnyamata wothandiza adokotala.

Mayi uja anaseka. "Amenewotu ndi amuna anga. Ndawabweretsera chamasana. Njira imeneyo amaikhulupirira zedi. Inenso ndinkavuta, mukudziwa. Lachitatu ndi Loweruka amapita kukabaya ziweto kutali, ndiye ndinkaimba foni, kulira, iwo osayankha. Pano ndinasiya. Ndikakhala chete amandibweretsera kanthu."

Ankalankhula mosangalala, akusisita mimba yake. Telala anayang'ana nkhope yofatsayo ndipo anaiopa, chifukwa anali ataiona kale pagalasi la m'chipinda chake choyesera zovala.

Ananyamula katoni n'kutuluka, katemera osabayitsa.

Kunyumba anatsegula zitseko zonse, cha kubafa chomwe. Anakhala pansi n'kuitana Ulusi. Mphakayo anamuyang'ana ali pakona pake, osasuntha. Nthawi ya masewera inali isanakwane.

"Bwera, mwana wanga. Lira ngati kale. Ndikuyankha lero."

Ulusi anangophethira. Telala ndi amene analira, ndipo analira mokweza, moti mnzake wa chipinda choyandikana anagogoda kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Anakhala masiku awiri osalemba uthenga uliwonse. Lachitatu m'mawa foni inawala patebulo la makina, pa nthawi yake ndendende.

"Duwa langa, wakhala mwana wabwino masiku ano. Ndikubwera masana."

Anaitembenuza chafufumimba. Masanawo kunamveka kugogoda, kenako mawu ofewa aja akuitana mayina onse okoma. Telala anakhala kuseri kwa chitseko atakumbatira Ulusi, ndipo sanayankhe. Anali ataphunzitsidwa bwino kuti wolira pachitseko amatopa yekha.